Nyika ndi Vinyo Woyera

Ntchito yanga yoyamba inali yoperekera zakudya pa loji ina ya alendo, pafupi ndi nkhalango ya nyama ku Chikwawa. Ndinali nditangolemba mayeso a fomu folo pa sekondale yoyendera ya kwathu, mudzi wa m'mphepete mwa dambo lalikulu kufupi ndi Bangula. Bambo anali atatisiya ndili ku pulayimale, ndiye uthenga wa ntchitoyo utafika, amayi anavina pabwalo okhaokha popanda ng'oma. Pondiperekeza pa siteji anandiuza chinthu chimodzi: "Akakutuma usamayankhe ndi nkhope. Uziyankha ndi miyendo."

Ndinamvera mpaka kupitirira. Manyazi ndinabadwa nawo, ndipo pa lojipo anandikulira. Matambula ndinkapukuta ngakhale opukuta kale. Munthu akandiitana ndinkayamba ndi "pepani" ndisanamve chimene akufuna.

Mkulu wophika, amene tonse tinkangowatchula kuti a shefu, anali bambo wonenepa wa kumapiri ku Thyolo, wodandaula za kutentha kwa kuchigwa tsiku lililonse ngati afika dzulo. Masana ena, alendo atapita kukaona nyama, anatiitana tonse operekera zakudya kuseri kwa khitchini, pansi pa mtengo wa nimu. Pa tebulo panali botolo la vinyo woyera likutuluka thukuta, timatambula, ndowa yopanda kanthu, ndi mbale ya tizidutswa ta zakudya zosiyanasiyana.

"Mlendo akakufunsani kuti nsomba iyi ndimwere chiyani, musamamuyang'ane ngati ng'ombe yaona sitima," anatero. "Lero mulawa."

Mpingo wathu suloleza mowa wamtundu uliwonse. Kwathu thobwa likangoyamba kuluma, amayi amakalitaya.

"Bwana, ine sindimwa," ndinatero chapansipansi.

"Ndani wati umwe? Uike mkamwa, uyendetse, ulavulire m'ndowamo. Lilime si mimba, mphwanga."

"Musiyeni, abusa ake akumuonera pa foni," anatero mnzanga wina, mnyamata wa kwa Katunga wa pakamwa posatseka, amene anayamba ntchito ine ndisanafike. Onse anaseka. Ndinatenga katambula.

Vinyoyo anali wozizira moti mano anachita dzanzi. Poyamba anawawasa ngati bwemba wosakhwima bwino. Kenako kunabwera kafungo ka gwafa wongoyamba kupsa, ndi kena ngati udzu womweta m'mawa mame asanaume. Nditalavula, mkamwa munatsala mowuma komanso moyera, malovu n'kuyamba kudzaza okha ngati ndikuona wina akudya mandimu. Ndinkayembekeza kuti mowa ukhala chinthu chonyansa. Sunanyanse, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulawako.

A shefu anatiuza kuti tizidya kachidutswa kenako n'kulawanso. Nsomba yowotcha yofinyira mandimu inakoma kawiri, chifukwa vinyoyo ankachotsa mafuta pa lilime, nthongo yachiwiri n'kumveka ngati yoyamba. Pa nyama ya mbuzi anangosowa, ngati wamwera madzi. Pa tsabola wa kambuzi mkamwa munayaka. Pa mlamba wouma munamveka ngati wanyambita msomali wa dzimbiri, ndipo mnzanga uja analavula akutukwana m'Chisena. Pa keke vinyo yemweyo anasanduka wowawasa osapiririka. Ndinadabwa kuti chakumwa chimodzi chingamasinthe chonchi kutengera ndi chimene chakumana nacho mkamwa. Anzanga anaiwala tsiku lomwelo, koma ine ndinazisunga zonse m'mutu, chifukwa ndinaona kuti a shefu amakondwa ndikayankha bwino.

Patapita nthawi, adona eni loji anati alendo atopa ndi zakudya zimene amadya kwawo. Ankafuna kachakudya koyambira, ka kuno kwathu, koyenda ndi vinyo woyera uja. A shefu anayesa mbatata, koma kutsekemera kwake kunam'wawasitsa vinyoyo. Anayesa malambe, zowawasa ziwiri n'kumenyana mkamwa. Anayesa maungu, adona n'kupukusa mutu. Tsiku lina ndikutsuka mapoto ndinawamva akudandaula okha.

"Ndikufuna chinthu chosatsekemera, chaufaufa, cha fungo la dothi, chowawirako pang'ono. Inu a kuchigwa mulibe chilichonse kupatula dzuwa?"

"Nyika," ndinatero.

Liwulo linangotuluka. Mnzanga wa kwa Katunga anandiponda chala.

Amene sanakulire kuchigwa mwina sazidziwa. Nyika ndi timizu tozungulira ta akakombo a m'dambo, takuda kunja, taubweya, kukula kwake ngati dzira la nkhanga. Pokumba umalowa m'madzi ofika pachifuwa n'kumapapasa matope ndi zala za kumapazi, ukazipeza n'kumira kuti uzule. M'madzi momwemo ndi mmene mumakhala ng'ona. Kwathu nyika sadya munthu amene ali ndi chosankha. Ndi chakudya cha chaka chimene madzi osefukira akokolola minda kapena dzuwa lapsereza mapira. Munthu sayenda m'mudzi kulengeza kuti m'nyumba mwake mwalowa njala. Anthu amangoona makoko a nyika kudzala kwake, basi adziwa. Ine ndinazidya ndili mwana, ndipo ndinkakumbukira kuwawa kwake ndi mimba yolimba ngati mwala.

Zonsezi a shefu sindinawauze. Ndinangoti ndi mizu ya m'dambo.

"Nanga wakhala chete nthawi yonseyi bwanji? Zibwere sabata ino."

Titatuluka panja mnzanga uja anandikokera pambali. "Aise, mutu wako ukuyenda? Ukufuna kuwadyetsa azungu njala?"

"A shefu afunsa."

"Akafunsa ng'ona uwabweretseranso?"

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinawaimbira foni amayi. Titapatsana moni ndinati, "Amayi, abwana akufuna nyika."



"Kumeneko kwagwa njala?"

"Ayi. Akufuna alawe."

"Alawe ninji? Kodi nyika n'zolawa?" Anaseka pang'ono, kenako mawu anasintha. "Ukapanda kupita nazo akuchotsa ntchito?"

Ndikanangoti ayi. Palibe amene anandiopseza. Koma ndinali nditawauza kale a shefu kuti zibwera, ndipo kubwerera kukanena kuti zalephereka kunandikulira ngati phiri.

"Kaya," ndinatero.

"Chabwino," amayi anatero.

Kathumba kanabwera ndi kondakitala wa minibasi, konyowa, konunkha matope a kwathu. A shefu anaziwiritsa, n'kutaya madzi, n'kuwiritsanso. Anasenda, anadula timapisi topyapyala, anakazinga mu batala ndi adyo ndi kamchere. Anandipatsa kachidutswa ndi katambula, ndowa ili pambali.

Kuwawa kuja kunalipo, koma kutakumana ndi kuwawasa kwa vinyoyo zonse ziwiri zinafatsa, pakati pake n'kutuluka kukoma kwina ngati kwa mtedza wokazinga kumene. Fungo la dothi linakoka fungo la gwafa lija kuti limveke bwino. Ndinaima ndi vinyo mkamwa nthawi yaitali kuposa mmene ndinkayenera, ndipo sindingalumbire kuti ndinalavula yense.

"Mphwanga!" a shefu anandimenya paphewa mpaka ndinadzandira. "Iwe uli ndi lilime. Uli zii ngati mphika wovundikira, chonsecho uli ndi lilime."

Adona anabwera kukhitchini kudzandigwira chanza pamaso pa onse. Chiyambireni ntchito panalibe amene anali atanditamandapo. Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndatalika.

Nyika zinayamba kuperekedwa pa mbale zoyera zazikulu, timapisi tochepa pakati ndi katsamba pamwamba. Alendo ankazijambula asanadye. Akandifunsa ndinkati ndi mizu ya maluwa okongola a m'dambo la kwathu, iwo n'kugwedeza mitu. Sabata iliyonse a shefu ankati, "Uwauze amayi atumizenso," ine n'kuimba. Iwo ankaganiza kuti amayi amangogula pamsika, ndipo ine sindinawakonze.

Tsiku lina pa foni amayi anandifunsa, "Kodi azunguwo ndiwo zake amadyera chiyani?"

"Sadyera ndiwo. Amamwera vinyo."

"Vinyo wake uti?"

"Woyera. Wa m'botolo."

"Woledzeretsa?"

"Ee."

Kenako anati, "Zimenezo usauze munthu wa kuno." Amayi ndi membala wa gulu la amayi a mpingo, ovala yunifolomu yoyera, ndipo anaivala ine ndisanabadwe.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino. Tinakolola mapira ndi mchewere wokwanira, ndi chimanga cha kudimba pamwamba pake. Koma masiku ano anthu sasunga chakudya m'nkhokwe panja chifukwa cha akuba. Matumba amakhala kuchipinda kogona, kumene mlendo safika. Chimene anthu a m'mudzi ankaona ndi mayi wamasiye, mwana wake ali pantchito, akutsikira kudambo mbandakucha ndi kathumba, n'kumabwera chitenje chili chonyowa mpaka m'khwapa. Zimenezi ine sindinaziganizire n'komwe.

Nditapatsidwa masiku opuma ndinapita kwathu. Wa kabaza amene ananditenga pa siteji ndi mnyamata amene tinaphunzira limodzi. Titadutsa pa mjigo anandicheukira.

"Nsapato zikuwala, bwana," anatero.

"Ndi za kuntchito."

"Pyadidi, zabwino. Amayi anu timawaona kudambo."

Ndinati ee, ndikuyesa kuti ndi moni chabe.

Mawa lake masana, tili pakhonde kusenda nandolo, tinamva nyimbo ikuchokera kunjira ya kutchalitchi. Anali amayi a mpingo, atavala zoyera, ali pa mzere. Kutsogolo wina atasenza dengu, wina lichero. Ndinkayesa akupita kwa wodwala, koma anakhotera pabwalo pathu. Amayi anga anaimirira mofulumira, nandolo n'kutayika, n'kuyamba kuyala mphasa.

Dengu linali lodzaza mapira. M'lichero munali mchere, sopo ndi kabotolo ka mafuta ophikira. Atapemphera, amayi a tcheya a gululo, mayi wamtali wa mawu onga a mwamuna, anayamba kulankhula.

"Mnzathu, ife tili ndi maso. Chaka chino Mulungu watipatsa, ndiye n'zosayenera kuti mmodzi wa ife azimira m'dambo ife tikukhuta. Simunatiuze, tikudziwa ndi manyazi. Aliyense watapa pang'ono m'nyumba mwake."

Ndinayang'ana azimayiwo mmodzimmodzi. Kumapeto kwa mphasa kunakhala gogo wa nyumba yoyandikana nafe, amene akulera zidzukulu zamasiye ndi kamunda kamodzi. Nayenso anali atatapa.

Amayi anga anagwada n'kuomba m'manja. "Takhuta," anatero, kuthokoza kwa kwathu. "Takhuta kwambiri."

Kenako amayi a tcheya anatembenukira kwa ine. "Ndipo zakhala bwino kuti takupeza, mwana wathu. Tikumva kuti kumene uliko mumadya pa tebulo ndi mafoloko. Zabwino zimenezo. Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mimba imene inakunyamula isamadye nyika iwe ukudya nyama."

Azimayi ena anavomera, "Ndi zoona." Ndinatsegula pakamwa, sindikudziwa kuti ndikananena chiyani, koma amayi anga anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Katunge madzi alendo amwe," anatero.

Ndinapita kukatunga madzi. Ndinawapatsa mmodzimmodzi nditanjuta, ndi manja awiri, ngati mmene ndimaperekera matambula kuntchito.

Atapita, dengu lili pakati pathu, ndinafunsa, "Bwanji simunawaonetse matumba kuchipindako?"

"Ndikawaonetsa matumba afunsa kuti nanga nyika n'zachiyani."

"Mukanawauza kuti n'za kuntchito kwanga."

"Kenako afunse kuti azungu nyika amatani nazo. Ndiname ndili pakati pa yunifolomu? Kapena ndinene kuti ndimakumba ndiwo za mowa?" Anatola nandolo zotayika zija imodziimodzi. "Njala si tchimo, mwanawe. Ya njala andinene."

"Koma mulibe njala."

"Nkhabe. Ndilibe." Anakhala pansi n'kutambasula miyendo. Apa ndi pamene ndinaiona bwino. M'misongolo munali timabala tambirimbiri ta misundu, tina tatsopano, tina takuda. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitazuka.

"Ng'ona simuziopa?"

"Pali msodzi amene amanditenga pa bwato lake. Ine ndikamira iye amamenya madzi ndi nkhafi." Anazinena ngati akunena za mtengo wa tomato. "Chimene chikundipweteka si miyendo. Ndi mapira a gogo uja. Ndiwadya bwanji? Ndikabweza ndamunyoza. Ndikasunga ndawalanda ana aja."

Ndinkangoona mbale zoyera zija, timapisi tochepa pakati, ndi zotsala zimene ndinkakhuthulira m'bini mlendo akanena kuti wakhuta.

"Ndisiye?" anandifunsa. "Iwe ndi amene ukuwadziwa abwana ako. Ukandiuza kuti basi, ndisiya."

"Ndikalankhula nawo kaye," ndinatero.

Pa masiku otsalawo amayi ankaphika mapira a m'dengu aja n'kuitana zidzukulu za gogo uja, ati zidzawathandize kutola nkhuni, kenako n'kuzikhazika pa mphasa kuti zidye. Iwo eni sanalawe n'kamodzi komwe.

Nditabwerera ku loji sindinalankhule tsiku loyamba, chifukwa alendo anali ambiri. Lotsatira a shefu anali atapsa mtima ndi firiji yowonongeka. Lina ndinafika mpaka pa chitseko cha sitolo yawo yosungiramo katundu, n'kufunsa ngati pali matawulo ochapa. M'masiku amenewo kathumba kena kanafika ndi minibasi, konyowa. Ndinakanyamula ndekha kuchoka pa geti, ndikudziwa kuti kakumbidwa ine nditaona kale miyendo ija.

Mnzanga wa kwa Katunga anandipeza nditakhala pa thumbapo kuseri kwa khitchini. Ndinamufotokozera zonse. Sanaseke. Anangondigwira dzanja n'kundikoka mpaka kwa a shefu.

"Bwana, m'busa wathuyu ali ndi ulaliki," anatero, n'kutuluka.

Ndinayamba ndi "pepani". Ndinanena za dambo, za misundu, za msodzi ndi nkhafi yake, za dengu la mapira. Ndinalankhula ndikuyang'ana pansi. Nditamaliza, a shefu anali atasiya mpeni.

"Amayi ako amamira okha? M'madzi a ng'ona?"

"Ee, bwana."

"Iwe mwana iwe. Ine ndimati amagula pamsika ngati mbatata! Ukanandiuza tsiku loyamba lomwelo." Anapukuta thukuta ndi epuloni. "Manyazi akowa adzapha munthu. Imba foni pompano."

"Nanga adona? Nanga alendo?"

"Alendo adya chinangwa."

Madzulo omwewo anawiritsa chinangwa, anadula timapisi, anakazinga mu batala n'kuwaza mtedza wosinja pamwamba kuti kukoma kuja kumvekeko. Sizinafanane, ine ndinadziwa ndipo a shefu anadziwa. Koma adona anangoti chabwino, ndipo palibe mlendo ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti mizu ya m'dambo ija yapita kuti. Anajambula chinangwacho, anadya, anamwera vinyo wawo. Nkhani imene inanditengera masiku kuti ndiitchule inatha m'kanthawi kowiritsira chinangwa.

Amayi nditawauza anangoti, "Chabwino," n'kufunsa ngati ndikudya mokwanira.

Kumudzi anthu anaona kuti mayi uja wasiya kutsikira kudambo, ndipo anapeza okha chifukwa chake. Anati ulendo wa amayi a mpingo wabala zipatso, mnyamata uja wamva malangizo, wayamba kusamala make. Amayi a tcheya anaiperekera umboni nkhaniyo kutchalitchi, osatchula dzina, koma aliyense anadziwa. Amayi anga anakhala pa benchi yawo atavala zoyera n'kuvomera ameni pamodzi ndi anzawo. Mpaka lero m'mudzimo amadziwika kuti ndi mayi amene anasenzeredwa dengu chaka cha zokolola.

Ulendo wotsatira ndisananyamuke amayi anandiimbira. "Zimene wagulazo usaike m'chikwama," anatero. "Unyamule poonekera. Ndipo usakwere kabaza. Uyende pansi, udzere pa mjigo."

Ndinatsika minibasi dzuwa lili paliwombo. Ndinasenza shuga ndi thumba la mpunga pamutu, botolo la mafuta ophikira m'dzanja, n'kuyamba kuyenda. Pa mjigo azimayi anasiya kupopa n'kundiyang'ana. Amayi a tcheya anali pomwepo ndi ndowa yawo. Anandiyandikira, analoza katunduyo kuti anzawo aone, n'kumwetulira.

"Wamvatu, mwana wathu."

"Ndamva, amayi," ndinatero.

Anandithandiza kukhazika bwino thumba pamutu, ndipo ndinapitiriza ulendo wa kunyumba.